Kodi getsi lalikulu panja lingaletse akuba kubwera?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe walemba motere: "Ndili ndi ana atatu, ndimakhala m'nyumba ya lendi yokhala ndi mpanda wa udzu, ndipo bambo a kunyumba amagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi wathawu akuba anathyola nyumba ya anansi athu usiku magetsi atazima, n'kutenga wailesi ya kanema ndi njinga. Chichitikireni zimenezi sindikugona. Ndikangomva kanthu kakugwa pa malata, mtima umagunda ngati uthyoka. Mwana wanga wa zaka 6 akukana kupita kuchimbudzi kukangoda, ndipo wayambiranso kukodza pogona. Bambo atumiza ndalama zoti ndigule getsi lalikulu lija amati floodlight, kuti liziyaka usiku wonse. Koma ena akundiuza kuti getsi limangothandiza akuba kuona bwino pothyola. Akunena zoona ndani? Nanga ndigule la sola kapena lolumikiza ku magetsi a ESCOM?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani kwambiri ndi zimene zagwera anansi anu. Poyamba ndikulimbitseni mtima kuti kusowa tulo pamene nyumba yoyandikana nanu yathyoledwa si matenda, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndiponso si mantha achibwana. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuika magetsi m'nyumba za anthu komanso kukhala nawo m'komiti ya chitetezo cha m'dera, ndaona abambo akuluakulu akugona pampando wa pabalaza kwa masabata angapo chifukwa cha nkhani ngati yomweyi. Thupi lanu lamva kuti choopsa chafika pafupi, ndiye lakhala tcheru kuti liteteze ana. Ntchito imene ilipo ndi yoti tilekanitse zinthu ziwiri zimene zasakanikirana mumtima mwanu: chiopsezo chenicheni cha akuba, ndi mantha a mdima. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo getsi limathandiza pa chilichonse m'njira yakeyake.

Bambo ali ndi mfundo, ndipo amene akukuchenjezaniwo alinso nayo. Getsi siligwira wakuba, silikuwa, ndipo silitseka chitseko. Chimene limachita n'chimodzi chokha, kuchititsa kuti munthu aoneke. Tsono kuoneka kumaopsa wakuba pokhapokha ngati pali maso oti amuone ndiponso anthu oti achitepo kanthu akamuona. Getsi loyaka kutsogolo kwa nyumba, pamene anansi atatu angathe kusuzumira pazenera n'kuona amene waima pakhomo panu, ndi chitetezo ndithu. Getsi lomwelo mukaliika kuseri, pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda pamene palibe angaone, mwangompatsa wakubayo kuwala koti agwirire ntchito popanda kuyatsa tochi imene ikanamuulula.

Akatswiri a kafukufuku akhala akulimbana ndi funso lanuli kwa nthawi yaitali, ndipo zimene anapeza n'zothandiza kuzidziwa. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'makhonsolo 62 a ku England ndi Wales, kumene makhonsolo ena anali atayamba kuzimitsa magetsi a m'misewu pakati pa usiku kapena kuchepetsa kuwala kwake pofuna kusunga ndalama. Sanapeze umboni woti milandu yonse inakwera chifukwa cha zimenezi. Koma m'chaka cha 2016 mumzinda wa New York akatswiri ena anachita zosiyana: anasankha mwa maere madera ena a nyumba za boma zokhala anthu opeza mochepa, n'kuikamo magetsi owala kwambiri m'mabwalo ndi m'njira zimene anthu onse amadutsa, ena n'kuwasiya mmene analili. M'madera amene munaikidwa magetsiwo, milandu ikuluikulu yochitika panja usiku inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Palinso mfundo ina imene ine imandikhudza kuposa ziwirizi. Akatswiri awiri, Brandon Welsh ndi David Farrington, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mizinda 13 ya ku Britain ndi ku America, anapeza kuti kukonza magetsi a m'misewu kunachepetsa milandu ndi pafupifupi 21 pa 100 iliyonse, komatu milandu ya usiku sinatsike kuposa ya masana. Nanga getsi lingaopseze bwanji wakuba dzuwa lili paliwombo? Iwo anafotokoza kuti dera likakonzedwa, eni ake amayamba kulinyadira ndi kuliyang'anira, ndipo wakuba amazindikira kuti kuno kuli anthu osamala. Area 25 si New York, koma zimenezi n'zomwe ndimaona kuno kwathu: mzere wa nyumba zimene anthu ake anagwirizana kuti aliyense aziyatsa kababu kamodzi koyang'ana kunjira umakhala wotetezeka kuposa nyumba imodzi yowala ngati sitolo pakati pa nyumba khumi zamdima.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chimene sindikukulimbikitsirani getsi lalikulu limodzi loyaka usiku wonse. Diso la munthu limasintha molingana ndi kuwala kumene kulipo. Mukakhala mumdima, limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere bwinobwino, ndipo likazolowera limaona zambiri ndi kuwala kochepa zedi. N'chifukwa chake mwezi ukawala ana amasewera pabwalo ndipo anthu amayenda kuchokera mudzi wina kupita wina popanda nyali, chonsecho kuwala kwa mwezi wathunthu n'kochepa kuwirikiza mazana a masauzande poyerekeza ndi kwa dzuwa la masana. Koma kuwala kwamphamvu kukangolowa m'diso, kuzolowera konse kuja kumatha m'kanthawi kochepa. Mukudziwa zimene zimachitika njinga yamoto ya kabaza ikakuunikirani kumaso usiku: simuona woyendetsa, simuona dzenje lili patsogolo panu, mumangoona kuwalako basi. Getsi lalikulu loyang'ana chopingasa limachita zomwezo kwa inu, kwa mlonda, ndi kwa mnansi amene mukudalira kuti akuonereni pakhomo. Pamene lagunda pamawala mothobwa m'maso, ndipo paliponse pamene silinafike pamasanduka bii kuposa mmene panalili lisanaikidwe.

Ndinaitanidwapo pa nyumba ina imene mwini wake ankadandaula kuti akuba anam'bera matayala a galimoto getsi lalikulu likuyaka. Getsilo linali pamwamba pa geti, loyang'ana kunyumba. Nditafika kutada, ndinam'pempha kuti aime pakhonde, ine n'kukaima pafupi ndi chipilala cha geti, pansi penipeni pa getsilo, nditavala malaya oyera. Ndinakweza dzanja, koma sanandione mpaka nditayankhula. Kuwala konse kunkapita m'maso mwake, ndipo ine ndinali kuseri kwake. Titalitsitsa mutu kuti liziyang'ana pansi, anatha kuona ngakhale nsapato zimene ndinavala. Inunso mungathe kuyesa zimenezi musanawononge ndalama. Kukada, imani pazenera la kuchipinda kwanu, ndipo mwana wanu wamkulu azungulire nyumba pang'onopang'ono limodzi ndi mnansi. Paliponse pamene akusowa m'maso mwanu, dziwani kuti ndi pamene wakuba angaime. Kenaka mukaime pakhonde la anansi anu, muone ngati iwo angathe kuzindikira nkhope ya munthu woima pakhomo panu.

Bambo akhoza kukuuzani za magetsi ataliatali a m'makomboni a ku South Africa, amene ku Soweto ndi madera ena amawatchula kuti Apollo. Amaima pamitengo yachitsulo yotalika mamita makumi angapo ndipo amawala patali kwambiri, koma chifukwa choti kuwala kumachokera malo amodzi, timipata ta pakati pa nyumba timakhala mumdima wandiweyani, ndipo anthu a kumeneko akhala akudandaula za timipata timeneti kwa zaka zambiri.

Chimene ndimalangiza pa nyumba ngati yanu ndi magetsi ang'onoang'ono atatu kapena anayi m'malo mwa limodzi lalikulu. Limodzi likhale pakhomo lakutsogolo, lina pakhomo lakuseri, lina panjira yopita kuchimbudzi ndi kubafa, ndipo ngati pali mbali ya nyumba imene ili ndi mazenera koma sipadutsa anthu, pamenepo pakhale lachinayi. Aikidwe m'mwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, kuti munthu asathe kungotambasula dzanja n'kugulula babu, chifukwa akuba ambiri amayamba ndi zimenezo. Onse aziyang'ana pansi, ndipo akhale ndi chivindikiro pamwamba kuti munthu woima patali aziona malo ounikidwawo, osati babu lenilenilo. Getsi la pakhomo liikidwe pambali kapena pamwamba pa chitseko kuti liziunika nkhope ya amene akugogoda. Likakhala kumbuyo kwake mudzangoona chithunzithunzi chakuda. Mababu a LED a mawati 7 mpaka 10 ndi okwanira pa ntchito imeneyi, pakuti babu la LED la mawati 10 limawala mofanana ndi babu lakale lija la mawati 60 kapena kuposerapo pang'ono.

Pogula, yang'anani zinthu ziwiri zimene zimalembedwa pa katoni. Choyamba ndi chizindikiro cha IP, chosonyeza mmene getsi latetezedwera ku madzi ndi fumbi: getsi lokhala pamtetete pamene mvula imalimenya likhale la IP65, pamene la pansi pa khonde IP44 ikukwanira. Chachiwiri ndi mtundu wa kuwala. Mababu olembedwa 6500K amawala moyera mopita ku buluu, amathobwa kwambiri m'maso, ndipo amakoka tizilombo touluka tambiri, makamaka m'nyengo ya ngumbi ndi mafulufute. Olembedwa 2700K kapena 3000K amawala mofiirira ngati nyali, maso amawalandira bwino, ndipo sasokoneza kwambiri tulo. Mfundo ya tuloyi musaipeputse. Kuwala koyera kolowa pazenera la kuchipinda kumachedwetsa thupi kutulutsa michere imene imabweretsa tulo, ndiye getsi limene mwagula kuti muzigona bwino likhoza kukhala lomwe likukudzutsani. Onetsetsaninso kuti silikulowa m'chipinda cha anansi anu, chifukwa mnansi amene getsi lanu likumusowetsa mtendere amapachika chinsalu chokhuthala pazenera, ndipo zikatero mwataya maso amene akanakuonerani pakhomo.

Kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mopanda anthu, ndimakonda getsi lokhala ndi sensa, loyaka lokha munthu akadutsa. Sensa yotere imamva kutentha kwa thupi loyenda pa mtunda wa mamita 8 mpaka 12, ndipo imamva msanga munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika kwa iyo, choncho iikidwe poganizira njira imene munthu angadzere. Ubwino wake ndi woti imasandutsa kuwala kukhala uthenga. Getsi loyaka usiku wonse aliyense amalizolowera, koma limene layaka mwadzidzidzi 2 koloko usiku limadzidzimutsa wakuba ndipo limauza aliyense amene ali maso kuti kunja kuli chinthu. Ndikuchenjezeni komabe kuti agalu ndi amphaka amaliyatsanso, ndipo kwa munthu amene mtima uli kale m'mwamba ngati inu, masiku oyambirira likhoza kukuwonjezerani nkhawa. Muuze woika magetsi kuti aitsitse mphamvu yomvera, ndi kuti isayang'ane kumsewu kapena ku nthambi za mtengo zogwedezeka ndi mphepo. Pakhomo lakutsogolo ndi panjira ya kuchimbudzi, kababu kochepa koyaka mosalekeza ndi kabwino kuposa sensa.

Za mayunitsi, masamu ake ndi osavuta. Getsi lakale la halogen la mawati 500 likayaka maola 12 limadya mayunitsi 6 usiku umodzi, kutanthauza mayunitsi 180 pamwezi, omwe mabanja ambiri sawamaliza pa zonse za m'nyumba. Floodlight ya LED ya mawati 50 imadya mayunitsi 18 pamwezi. Mababu anayi a mawati 10 oyaka usiku wonse amadya mayunitsi osakwana 15 onse pamodzi, ndipo awiri mwa iwo akakhala a sensa, chiwerengerocho chimatsikanso.

Funso lanu la sola kapena ESCOM mwaliyankha kale pang'ono m'kalata yanu, pamene mwanena kuti anansi anu anaberedwa magetsi atazima. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi akachepa, zinyalala zikatseka makina, kapena pakachitika ngozi, kuthimathima kumabwera. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Getsi lachitetezo lozima pa nthawi imene dera lonse lazima limakusiyani pa ola lomwe mukulifunitsitsa. Choncho ndikulangizani kusakaniza: pakhomo lakutsogolo pakhale babu la ESCOM la mtundu uja wokhala ndi batire mkati, limene limapitiriza kuyaka kwa maola angapo magetsi akazima, ndipo kuseri ndi kuchimbudzi kukhale timagetsi ta sola, ka kuseriko kakhale ka sensa. Ta sola tili ndi ubwino winanso kwa inu a lendi, woti sitifuna kuboola makoma kuti mudutse mawaya, ndipo tsiku losamuka mumangomasula n'kunyamula.

Koma pa sola m'pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Magetsi ena ogulitsidwa m'misika amalembedwa mawati 200 kapena 300 pamene panelo yake ndi yaing'ono ngati buku la mwana wa sukulu, ndipo panelo yotere singadzaze batire loti liyatse mawati amenewo usiku wonse. Musakhulupirire nambala ya pa katoni. Yang'anani kukula kwa panelo, nyamulani mumve kulemera kwa batire, funsani ngati batirelo lingasinthidwe likatha mphamvu, ndipo gulani kwa wogulitsa amene akupatseni lisiti ndi lonjezo lolembedwa loti mungabweze. Poika, panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, pakuti dziko lathu lili kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadutsira chakumpoto. Isakhale pansi pa mtengo wa mango kapena mthunzi wa denga. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, muziipukuta ndi kansalu konyowa sabata iliyonse, ndipo musadabwe ngati m'masiku a mitambo likuzima kusanache. Dziwaninso kuti getsi la sola nalonso ndi katundu amene akuba amamufuna, ndiye limangidwe m'mwamba ndi mabawuti olimba.

Ndanena zambiri za magetsi, koma ndikanakhala ine wogawa ndalama zimene bambo atumizazo, theka lake likanapita ku zitseko. Wakuba amaopa zinthu zitatu: kuonedwa, kumveka, ndi kuchedwa. Getsi limagwira ntchito pa choyamba chokha. Chitseko chamatabwa opyapyala chokhala ndi loko imodzi ya mtengo wotsika chimatseguka ndi chitsulo chimodzi m'masekondi ochepa, kaya panja pakuwala kaya ayi. Ikani mipiringidzo iwiri mkati, wapamwamba ndi wapansi, kapena chitsulo chopingasa chokolekera m'zogwirira zolowa m'khoma, ndipo muone ngati zitsulo za m'mazenera zinalowadi m'njerwa kapena zinangokhomeredwa pa thabwa. Njinga, makasu, nkhwangwa ndi makwerero zisagone panja, chifukwa zina ndi zokopa ndipo zina ndi zida zothyolera. M'nyengo ya mvula khalani tcheru mwapadera, pakuti phokoso la mvula pa malata limabisa phokoso la kuthyola, ndipo chimanga chikakula pafupi ndi nyumba chimasanduka pobisalira pamene getsi lililonse silingafike. Kumbukiraninso kuti kawirikawiri wothyola nyumba amakhala atauzidwa kapena ataona yekha masana chimene chili mkati, ndiye nkhani yoti bambo ali kunja ndipo atumiza ndalama isamakambidwe pa mjigo kapena pa Facebook.

Chachikulu koposa ndi anansi. Musadikire kuti wina ayambe. Pitani kwa mfumu ya m'dera lanu kapena kwa wapampando wa komiti ya chitetezo, mupemphe kuti pakhale msonkhano wa nyumba za mzere wanu, ndipo apolisi oona za chitetezo cha m'madera amabwera pa misonkhano yotere akaitanidwa. Pamsonkhanopo mugwirizane zinthu zochepa zotheka: nyumba iliyonse iziyatsa babu limodzi loyang'ana kunjira, aliyense akhale ndi wezulo pafupi ndi pogona, pakhale gulu la WhatsApp la nkhani zachitetezo zokhazokha, ndipo aliyense asunge nambala ya polisi yapafupi m'foni mwake. Wezulo mmodzi akalira ndipo ena asanu n'kuyankha, magetsi n'kuyaka nyumba ndi nyumba, wakuba sachedwa kuthawa. Ngati pali malo ena amene anthu amachitidwa chipongwe kawirikawiri, monga pamlatho, pamanda kapena potsikira minibasi, nkhani imeneyo mukaitule kwa khansala wanu monga gulu, chifukwa magetsi a m'misewu ndi udindo wa khonsolo ya mzinda, ndipo m'malo odutsa anthu ambiri ngati amenewo m'pamene kuwala kwaonetsa kuti kumathandiza kwambiri.

Pali zinthu zitatu zimene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Getsi likayaka usiku kapena mukamva phokoso, musatsegule chitseko kuti mukaone. Zimitsani nyali ya m'chipinda kuti muzitha kuona kunja popanda kuonedwa, suzumirani pambali pa katani, ndipo ngati mwaonadi munthu, imbani wezulo ndi foni muli mkati. Akuba ena amayenda ndi zikwanje, ndipo wailesi ya kanema singafanane ndi moyo wanu. Musalolenso munthu aliyense kukunyengani kuti alumikize waya wa magetsi a m'nyumba ku mpanda, ku geti kapena ku zitsulo za pazenera. Magetsi a mavoti 230 amapha, ndipo amene amafa kawirikawiri ndi mwana wothamangira mpira kapena mwini nyumba amene waiwala. Chomaliza, wakuba akagwidwa apite kupolisi ali moyo. Mantha a usiku akagwira gulu amapha osalakwa, monga tinaonera m'chaka cha 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe.

Tibwere kwa mwana wanu. Kuopa mdima ndi chinthu chachibadwa kwa ana a msinkhu wake, chifukwa maganizo awo amakhala atayamba kupanga zithunzi koma sanathe kusiyanitsa bwino zenizeni ndi zongoganizira. Iyeyu wamvanso akuluakulu akukamba za akuba, ndipo waona nkhope ya mayi ake itasintha. Kukodza pogona kumene kwayambiranso n'chizindikiro chofala cha mwana amene wadzidzimuka, ndipo sakuchitira dala. Musam'kalipire, musam'seke pamaso pa abale ake, ndipo muuze onse a pakhomo kuti asiye kumuopseza ndi afiti, afisi kapena akuba pofuna kuti amvere. Muuzeni zoona mwachidule, kuti kunabwera akuba kwa anansi, palibe anavulala, ndipo akuluakulu akonza zitseko ndi magetsi. M'patseni katochi kakekake, chifukwa mwana amene ali ndi mphamvu yoyatsa yekha kuwala amalimba mtima msanga kuposa amene amangoyatsiridwa. Madzulo kusanade kwenikweni muziyenda naye kupita kuchimbudzi, iye akuunika, mukutchula limodzi zimene mukuona: ichi ndi chidebe, uwu ndi mthunzi wa papaya. Patapita masiku muziima pakati pa njira, kenaka pakhomo, iye akupita yekha. Pakati pa usiku asatuluke, agwiritse ntchito kachidebe m'nyumba, ndipo zimenezi n'zanzeru kwa inunso pa nthawi ino. M'chipinda mwake mungaike kanyali kofiirira kochepa mphamvu, koma osati kandulo kapena koloboyi, pakuti nyumba zambiri zapsa ndi ana ali mkati chifukwa cha moto wosiyidwa usiku pafupi ndi neti kapena katani.

Kuunika njira ya kuchimbudzi kuli ndi phindu lina losakhudza akuba. Njoka monga mphiri zimakonda kugona panjira usiku ndipo sizithawa zikamva mapazi, komanso anthu ambiri amathyoka miyendo pa miyala ndi m'ngalande. Ndipo ngati mwaona kuti mwanayo, kapena wina aliyense pakhomopo, amapunthwa ndi kugunda zinthu kukangoyamba kuda pamene ena akuona bwinobwino, apite kuchipatala akamuyeze maso. Kusaona usiku kumatha kubwera chifukwa chosowa vitamini A m'thupi, ndipo kwa achikulire ng'ala imachititsa kuti kuwala kwa magetsi kuziwathobwa kwambiri. Munthu wotere amaoneka ngati wamantha chabe pamene vuto lili m'maso.

Kwa inu mayi, mantha amenewa amayenera kuyamba kuchepa pakapita masabata angapo, makamaka mukakonza zitseko ndi kudziwa kuti anansi ali nanu. Yenderani zitseko ndi mazenera kamodzi kokha musanagone, mutchule mokweza kuti mwatseka, ndipo musadzukenso kukayang'ana, chifukwa kubwereza kumadyetsa nkhawa m'malo moichepetsa. Pewani kuwerenga nkhani za umbanda pa foni muli pabedi. Ngati pali m'bale wamkulu amene angabwere kudzagona nanu kwa kanthawi, m'pempheni popanda manyazi. Koma ngati patha mwezi wina mukadali osagona, mukulota zoopsa, mtima ukuthamanga ndi kubanika ngakhale masana, mukulephera kugwira ntchito, kapena mwayamba kudalira mapiritsi ogonetsa kapena mowa, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine. M'zipatala za maboma muli anamwino ndi madokotala oona za maganizo, ndipo ku Lilongwe kulinso a St John of God amene amathandiza pa mavuto otere. Mwanayo naye apite kuchipatala ngati kukodza pogona kwapitirira masabata angapo, ngati akumva kuwawa pokodza, kapena ngati akumwa madzi kwambiri ndi kuwonda, kuti aone ngati palibe matenda ena. Akayamba kuopa munthu wina wake kapena malo ena ake osati mdima wokha, khalani naye pansi mumufunse modekha, ndipo mukakayikira kuti wachitidwa nkhanza, pitani ku ofesi ya kupolisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Musanakhome kanthu pakhoma, kambiranani ndi eni nyumba, ndipo mugwirizane molemba ngati ndalama za mipiringidzo ndi zitsulo zidzachotsedwe pa lendi, poti zimenezo zidzatsala m'nyumbamo inu mukadzasamuka. Timagetsi ta sola mungathe kuika ndi mmisiri wamba, koma chilichonse cholumikiza ku magetsi a ESCOM chigwiridwe ndi munthu wokhala ndi chiphaso chovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA, ndipo musachite manyazi kum'pempha kuti akuonetseni. Muonetsetse kuti waya wa panja wadutsa m'paipi yake, kuti palibe polumikiza pokulungidwa ndi pepala la pulasitiki, ndi kuti swichi ya magetsi onse a panja ili mkati mwa nyumba, makamaka pafupi ndi chipinda chanu. Mupangane naye kuti adzabwerenso kutada tsiku lomwelo musanam'malizire malipiro, kuti inu muime pazenera, mnansi aime pakhonde pake, ndipo iye akhale pa makwerero akutembenuza getsi lililonse mpaka nonse awiri muthe kuzindikira nkhope ya munthu woima pakhomo.